Mpende Imene Atate Analonjeza

Atate anga anachita kumera imvi asanagwirepo nsomba. Kwathu ku Katete timitsinje timauma mvula ikangotha, ndipo nsomba imene iwo ankaidziwa inali youma kale, yobwera m'dengu la munthu wina. Ku Kitwe anabwera ali mnyamata, nalowa mumgodi, nagwira ntchito ya zitsulo mpaka anapuma. Mtsinje wa Kafue suli kutali ndi Bulangililo, kumene timakhala. Ukapyola nyumba zomaliza ndi timinda ta ndiwo umayamba kale kumva fungo la matope. Koma zaka zonsezo iwo ankangouonera pa mlatho, ali m'basi.

Chimene chinawatsitsira ku mtsinje ndi ukwati wanga. Ine ndimasoka zovala ku msika wa Chisokone. Mwamuna amene lero ndi bambo wa ana anga ankakhala kwa amalume ake ku Lubuto, ku Ndola, koma kwawo kwenikweni ndi ku Samfya, kumene mwana amadziwa kupalasa bwato asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Tsiku limene a kwawo anabwera kudzamaliza nkhani, ine ndinali kuchipinda ndi azakhali anga, khutu lili pa katani. Nkhani zikuluzikulu zitatha, anayamba za chilanga mulilo. Uwu ndi mwambo umene tinautengera kwa anzathu a Chibemba: akazi a kwa mkwatibwi amaphika zakudya zonse za kwawo, nazisenza ndi ng'oma kupita kwa mkwati, kuti aone zimene azidzadya m'banja.

Ife a kum'mawa ndi anthu a Chibemba timanyozana mwa chibale, timati chimbuya. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani, ndipo wokwiya ndiye wopusa. Amalume a mwamuna wanga anali katswiri pa zimenezi, munthu wamfupi, wa mimba yake, woseka ndi thupi lonse.

"Ba tata," anatero kwa atate, "pa chilanga mulilo mutibweretsere vilivonse, koma nsomba musavutike nayo. Imwe a ku Chipata nsomba mumaidziwira pa thebulo la mu maliketi. Ikani chabe mbewa zanu, tizajaira."

Onse anaseka, atate nawonso anaseka. Kenaka ndinamva kapu ikuikidwa pa thebulo.

"Mpende imene mudzavundukule tsiku limenelo," anatero atate, "ndidzaigwira ine, ndi dzanja langa ili."

"Mpende, mukwai? Osati mlamba? Pakuti mlamba ngakhale chakolwa amaugwira ndi manja m'matope."

"Ndati mpende."

Azakhali ananditsina pa ntchafu. Ine ndinaluma chitenje kuti ndisakuwe.

Alendo atangotuluka pa geti, amayi anayamba. Anafunsa atate ngati mbedza amaidziwa mbali imene imabaya. Ine ndinati nkhaniyo ndi yosavuta, ku Chisokone mpende, nsomba zonga chambo zija, zili mbwee, tigula yaikulu tsiku lake, ndani angadziwe? Ndinaiwala kuti ndikulankhula ndi mkulu wa mpingo, munthu amene sananamizepo ngakhale kondakitala wa basi. Atate ananditembenukira.

"Chimbuya ndi nthabwala, inde," anatero. "Koma m'nthabwala momwemo munthu amakuyeza. Ndikatumiza ya pa msika, iwe ukalowa m'nyumba mwawo ngati mwana wa munthu wonama. Ndikapanda kutumiza, ukalowa ngati mwana wa munthu wa pakamwa chabe. Zonse ziwiri adzakuseka nazo mpaka udzakalambe, ndipo ine sindidzakhalako kuti ndikuyankhire."

Umu munali mu Juni, ukwati unali wa mu Okutobala. Ndinapsa mtima, chifukwa dzina limene ankalitchinjirizalo linali langa, koma amene analiika pa moto anali iwo omwe.

Zida anapanga okha, ndipo anazipanga ngati munthu wa mumgodi. Mbedza anapinda ku waya wonenepa, yoti ungapachikepo mwendo wa mbuzi. Chingwe anatenga cha omanga nyumba. Kuti chimire, anamangako nati yaikulu imene inkagona m'bokosi lawo la masipanala. Ndodo inali paipi. Atamaliza anaziyala pa khonde, nayitana amayi kuti adzaone.

"Mukupita kukakoka basi yomira?" anafunsa amayi. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Iwe uzipita nawo. Ng'ona ikawatenga pakhale wobwera kudzanena."

Loweruka ndilo tsiku limene makasitomala amabwera kudzatenga zovala zawo, koma Loweruka lomwelo ndinali kumbuyo kwa atate, ndowa ili m'manja, mame akunyowetsa chitenje, milomo ili ndwii. Iwo anali atavala shati yoyera ndi magambuti a ku mgodi. Titafika tinapeza amuna angapo atakhala phee m'mabango, aliyense ndi kansungwi kake. Atate anawapatsa moni mmodzimmodzi ndi mawu a pa guwa, naimirira pa gombe penipeni, chithunzithunzi chawo chitagwera m'madzi. Anazunguza chingwe, naponya. Nati ija inagwa kuti phava! Mbalame zinauluka m'mabango, ndipo bambo wina anakulunga chingwe chake mwakachetechete nasamukira kumtunda. Atate anakhala pa mwala nayamba kuimba nyimbo ya m'buku.

Tinabwerera ndi ndowa youma. Loweruka lotsatira chimodzimodzi, ndi linalo.

Ndinadandaula kwa mwamuna wanga pa foni. Nditafika pa nati ndi nyimbo, anaseka mpaka anatsamwa. Ndinamuuza kuti ngati akuona zoseketsa abwere adzawaphunzitse yekha. Kuseka kunatha pomwepo. Mkamwini saphunzitsa apongozi ake. Masiku amenewo akawaonera patali ankapatuka mumsewu, chipewa chili m'manja, ndipo akanayamba bwanji kunena kuti atate, mbedza yanu njolakwika? Tinagwirizana kuti aziuza ine, ine ndizinena ngati nzeru zanga.

"Mpende ili ndi kakamwa kang'ono," anandiuza. "Mbedza ikhale ngati chikhadabo cha kachala kako. Chingwe chija choonekera, chopyapyala. Nati achotse, aike kamtovu kang'ono. Udule kachidutswa ka patapata wakale, umange pa chingwe kuti kaziyandama, ndiko kadzakuuzani nsomba ikafika. Ndipo shati yoyera ija aisiyire tchalitchi."

Ndinagula zonsezo ku Chisokone kwa bambo wina wogulitsa maloko ndi misomali, ndi kudula nsungwi ziwiri kuseri kwa nyumba ya aneba. Madzulo ndinaziika patsogolo pa atate, ndikufotokoza ngati ndinabadwira m'bwato. Anatenga kambedzako, nakayang'anitsitsa atavala magalasi.

"Wazimva kuti zimenezi?"

"Kwa makasitomala."

"Makasitomala ako akununkha Samfya," anatero. Koma anamanga kambedzako, ndipo sanafunsenso. Kuyambira pamenepo, akafuna kudziwa kanthu ankangoti, "Ukafunse makasitomala ako ngati nyongolotsi imabayidwa kumutu kapena pakati." Ine ndinkatuluka panja ndi foni, ndikubwera ndi yankho, tonse nkhope zili bwinobwino.

Zida zinasintha koma nsomba ayi. Makasitomala anati tisadandaule, m'nyengo yozizira mpende imatsikira pansi pa madzi akuya, sidya, imangokhala ngati munthu wofunda bulangete. Tidikire madzi afunde. Amayi anati ndiye bwanji osadikirira kunyumba. Atate anakana, ati dzanja liyenera kuzolowera.

Sindidziwa kuti mkwiyo wanga unatha liti. Ndinangozindikira kuti Lachisanu madzulo ndine ndikukumba nyongolotsi kuseri kwa bafa, pamene madzi amatayikira, ndikuwotchanso mbatata za mawa lake. Tinapeza malo athu pansi pa mtengo wa mkuyu, pomwe gombe ndi lokwera moti ng'ona singakufikire mosavuta. M'mawa utsi woyera unkakwera pa madzi, dzuwa likatuluka unkasungunuka, ndipo tsidya lina amayi ankayamba kuthirira repu wawo. Atate anaphunzira kunong'ona. Ine kuyambira ndili mwana ndinkawadziwa ngati munthu wobwera wotopa, wosamba, wodya, wopemphera, wogona. Pansi pa mkuyu paja anandiuza za tsiku loyamba kutsika mumgodi, mmene anagwirira malaya a munthu wosamudziwa chikepe chitayamba kugwa. Anandiuza mmene anafunsirira amayi ndi njinga yobwereka, mwini wake akuwadikira pa ngodya. Ndinaseka mpaka iwo anandikumbutsa kuti ndikuthamangitsa nsomba. Ndinkasangalala, ndipo ndinkadziwa kuti ndikusangalala.

Nsomba yoyamba inabwera mu Ogasiti, mphepo ili pikitipikiti ndi fumbi. Kapatapata kananjenjemera, atate anakoka, ndipo m'mwamba munauluka katemba kotalika ngati chala. Anakuwa. Munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, anavina ndi magambuti pa gombe. Bambo uja amene anatithawa tsiku loyamba anatulutsa mutu m'mabango nati m'Chibemba, "Mwabombeni, ba shikulu!" kutanthauza kuti mwagwira ntchito, agogo. Katembako tinapita nako kunyumba m'ndowa yodzaza madzi, ndipo amayi anakayang'ana nati akufuna adziwe ngati akaphike kapena akalembetse sukulu.

Kenaka unabwera mlamba. Uwu sunjenjemeretsa kapatapata, umangokamiza n'kumapita. Nsungwi inapindika, atate anagwa chagada, ine ndinagwira chingwe ndi manja mpaka chinandicheka, ndipo tinautulutsa tonse awiri tili matope okhaokha. Unali wautali ngati mkono wanga, wakuda, wa ndevu zake, ukulira ngati chitseko. Amayi atauona anaomba m'manja.

"Basi, yatha nkhani. Tiuwambe uwu, tiusunge. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno."

"Ndinati mpende," anatero atate.

Tinaudya ndi tomato tsiku lomwelo, ndipo aneba analawako.

Seputembala atalowa, kutentha kunayamba. Makasitomala anati nthawi yakwana, koma mpende iyenera kuitanidwa. Kwawo amathira masese pa malo amodzi masiku angapo, nsomba zimazolowera kudya pamenepo, ndiye umabwera ndi mbedza. Ndinazengereza kunena mawu amenewo. Masese ndi zotsalira za mowa, ndipo m'nyumba mwathu ngakhale botolo lopanda kanthu silinkalowa. Ndinayesa kunena kuti gaga yekha angakwane. Atate anathira gaga sabata yonse, madzi anangomutenga. Nditawauza zoona anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndinadzipereka kuti ndipite ine. Anakana, ati mwana wamkazi wotomeredwa sangaoneke pa nyumba ya mowa. Ndinati ndiye apite m'bandakucha, anthu asanadzuke. Anakananso, ati wobisala ndiye wolakwa. Anapita masana dzuwa lili pamutu, Lachinayi, kwa mayi wina wofulula kumapeto kwa Bulangililo, natuluka ndi ndowa yodzaza, fungo likuwatsogolera. Lachinayi ndilo tsiku limene amayi a chigwirizano amakumana ku tchalitchi kwathu. Anakumana nawo pa ngodya, gulu lonse, mayunifolomu ali mbee. Atate anaika ndowa pansi, nawapatsa moni mwaulemu, nainyamulanso.

Lamulungu mapemphero atatha anaitanidwa ndi akulu anzawo. Ine ndi amayi tinadikira panja pa mthunzi, amayi akutukwana Samfya yense chamumtima. Patapita nthawi tinamva kuseka m'kati. Atate anatuluka akupukuta magalasi.

"Mwawauza chiyani?" anafunsa amayi.

"Ndawauza kuti masesewo ndi a nsomba, ndipo nsomba si membala wa mpingo."

"Abusa ati bwanji?"

"Afunsa ngati zikugwira."

Zinagwiradi. Tinkaumba masese ndi dothi ngati mipira, n'kuponya pafupi ndi bango, pamene madzi amayenda pang'onopang'ono. Tsiku lina m'mawa madzi ali mbee, atate anandikodola. Pansi pa mchenga panali timaenje tozungulira ngati mbale, ndipo pamwamba pa kamodzi panaima nsomba yofiira pa chifuwa, ikupukusa zipsepse. Imeneyo inali mpende, ikukonza malo oikira mazira. Tinaiyang'ana osapuma. Atate ananong'ona kuti, "Ndiwe iwe wandivutitsa chonchi?" Nsombayo inaona dzanja lawo likusuntha, inangoti zii.

Vuto linatsala m'dzanja lomwelo. Mpende simeza msanga. Imayamba yalawa, kapatapata n'kumagwedera pang'ono, kenaka kamagona cham'mbali n'kuyamba kuyenda, ndipo pamenepo ndiye umakoka, mofewa, ndi mkono wokha. Atate ankakoka pa kugwedera koyamba, ndipo ankakoka ngati akumasula bawuti ya dzimbiri. Nyongolotsi inkabwera yodyedwa theka. Tsiku lina anadekha, anakola yaikulu ndithu, tinaiona mimba yake ikung'anima, koma anaikoka mwamphamvu, inalowa m'bango, chingwe chinaduka. Anakhala pansi. Ine ndinalankhula, ndipo ndinalankhula zambiri. Ndinati miyezi yonseyi ndasiya mashini anga chifukwa cha pakamwa pawo, ndipo akanakhala chete tsiku lija bwenzi tikugona tulo. Anandisiya ndimalize, nandipatsa mbatata.

"Idya," anatero. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikudziuza ndekha, sindikuuza iwe."

Kutatsala sabata imodzi kuti chilanga mulilo chichitike, ndinaponya nsungwi yachiwiri ija pongotaya nthawi. Kapatapata kanga kanagona, kanayenda, ndinakoka monga ndimakokera ulusi pa nsalu yopyapyala, ndipo inabwera. Mpende yeniyeni, yonenepa, yodzaza manja awiri, chifuwa chili psuu. Ndinaigwira ikuphiriphitha.

"Atate, iyi ndi yanu," ndinatero. "Mbedza munamanga ndinu, masese munasenza ndinu, ine ndine magazi anu. Bodza lili pati?"

Anaiyang'ana mwa chikondi, anaisisita pamsana ndi chala. Ndinaona kuti akuifuna.

"Wagwira bwino, mama," anatero. "Koma ndinawaonetsa dzanja ili, osati limenelo."

Ndinafuna kuiponyanso m'madzi ndi ukali. Amayi anaikazinga madzulo, ndipo atate anadya mutu, akuyamikira ngati palibe chimene chikuwavuta.

Sabata yomalizayo atate anapita tsiku lililonse, ine ndikusoka madiresi a operekeza. Ankabwera ndi matemba, tsiku lina ndi kamba wa m'madzi amene anamubweza. Chilanga mulilo chinali Loweruka. Lachisanu nyumba inadzaza akazi, nkhuku zikulira kuseri, alangizi akulamula aliyense. Azakhali anandikokera pambali nati atuma kale mtsikana ku Chisokone, mpende zinayi zazikulu zili m'firiji mwa aneba, atate akalephera tingoika imodzi m'mbale mwawo. Ndinavula tepi m'khosi, ndinatenga ndowa, ndinatsatira atate ku mtsinje, alangizi akukuwa kuti mkwatibwi sayenda padzuwa.

Ndinawapeza pansi pa mkuyu, nsana uli wowerama. Ndinakhala pambali pawo. Kunali kotentha, nyenje zikulira, madzi atatsika moti miyala ya pakati inkaoneka. Dzuwa litayamba kupendeka, kapatapata kanagwedera. Ndinaona dzanja lawo likufuna kudumpha, ndipo ndinaona akuligwira ndi linzake. Kanagwederanso. Kanagona. Kanayamba kuyenda kulowera ku bango. Atate anakweza mkono pang'onopang'ono, ngati akunyamula mwana wogona, ndipo nsomba inatuluka m'madzi ikuthwanima.

Inali mpende. Chifuwa chofiira, mizere m'mbali, zonse zinalipo. Koma inali yaing'ono, yongokwana pa chikhatho chawo, mchira utatulukira pang'ono ku zala. Tinaiyang'ana, tinayang'anana, ndipo tinayamba kuseka. Tinaseka mpaka misozi, mpaka asodzi anzathu anabwera kudzaona, naomba m'manja. Tinayesanso mpaka dzuwa linafiira, koma ina sinabwere.

Kunyumba nkhondo inabuka. Alangizi anati kansomba kotere n'kutukwana apongozi. Azakhali anati tikaike pansi, zazikulu zija pamwamba. Amayi, amene anaseka atate miyezi yonseyi, ndiwo anaimirira pakati pa khitchini.

"Zanu za ku maliketi ikani m'mbale ina, munene kuti n'za ku maliketi," anatero. "Iyi ipita yokha, m'mbale yakeyake. Ndiphika ine."

Anaipala mamba mosamala, osadula mutu, naikazinga yathunthu. Anaiika m'mbale yathu ya maluwa imene inkatuluka pa Khirisimasi pokha, navundikira, namanga ndi nsalu yoyera.

Loweruka m'mawa minibasi ziwiri zinaima pa geti. Akazi anatuluka m'mizere, mapoto ali pamitu, ng'oma zikulira, nthungululu mpaka msewu wachitatu. Mkwatibwi sapita nawo ku chilanga mulilo, bambo wake sapitanso. Phokoso litazimiririka kulowera ku Ndola, tinatsala awiri m'nyumba yonunkhira utsi ndi anyezi. Atate anakhala pa khonde ndi buku la nyimbo limene sanalitsegule. Ine ndinasesa pabwalo posesedwa kale. Foni yanga alangizi anali atailanda, ati mkwatibwi asamve za kumeneko zisanathe. Ndinkangoganiza za mbale ija ikuvundukulidwa pamaso pa anthu a ku Samfya, anthu amene nsomba yotere amaponyera mphaka. Ndinachita mantha, ndipo ndinaona kuti atate nawonso akuchita mantha, chifukwa anandifunsa nthawi katatu konse wotchi ili pa mkono pawo.

Akazi aja anabwera dzuwa lisanalowe, mawu atasasa ndi kuimba. Azakhali sanafike n'kukhala pansi. Anaima pakati pa bwalo, chitenje chili m'chiuno, nayamba kufotokoza, akazi ena akuthirira ndemanga.

"Achimwene, mtima wanga unali m'kamwa! Tavundukula nkhuku, aombera. Tavundukula chikanda, ifisashi zija za masamba otendera, nyemba, aombera. Manje tafika pa mbale yanu. Amalume aja akuti, iyi nizamasula neka. Amasula nsalu, avundukula. Nyumba yonse zii. Ine nayang'ana pansi, nati Mulungu nitsegulireni dothi."

"Ndiye?" anatero atate.

"Ndiye aitenga m'manja, aitembenuza, aiyang'ana m'khosi, aiyang'ana pakamwa. Akuti, imwe bantu, bwerani muone. Nsomba ya mu ukonde imakhala na mzere m'khosi. Iyi m'khosi mulibe, koma onani mlomo, wong'ambika na mbedza. Uyu mudala anapitadi ku mumana, ku mtsinje kwenikweni! Pamene apo agwada pansi, munthu na mimba yake, ayamba kuomba m'manja kuyang'ana ku Kitwe. Onse a kwawo agwada naye. Ng'oma zinalira, achimwene, ine sininavinepo chonchija."

Atate anafunsa, "Sanaseke?"

"Kuseka anaseka, nanga ni anthu a chimbuya. Akuti mukauze mbuya wanga kuti aka kansomba kanali kakali ku sukulu, aziopa Mulungu. Akuti Loweruka likabwera ukwati ukatha azabwera na nsungwi yawo, mukaonetsane pa mtsinje."

Atate anaseka, mapewa akugwedezeka. Kenaka anafunsanso, mawu atatsika.

"Nanga anadya? Kapena anangoiika pambali?"

"Kudya? Inatsala pang'ono kuyambitsa ndewu. Azakhali ake a mkwati akuti tigawane tonse tilaweko, alongo ake akuti naine. Mkamwini wanu, uja samakweza maso, anakoka mbale n'kuifungatira. Akuti iyi ananigwirira ine atate. Anapatsako amalume mutu chabe. Zinsomba zathu za ku maliketi sanazikhudze n'komwe. Onani."

Anamasula nsalu, natsegula mbale ya maluwa ija. M'kati munali minga yokhayokha, yoyera, yoyalidwa bwino kuyambira kukhosi mpaka kumchira.

Atate analandira mbaleyo naiika pa maondo. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anavula magalasi, napukuta m'maso ndi chikhatho chomwe chija, ndipo anandiitana ndi dzina langa la ubwana limene anali atasiya kalekale. Ndinagwada pambali pa mpando wawo.

"Pita, mwana wanga," anatero. "Kumeneko kuli anthu."

Ndinaika mutu pa bondo lawo ndi kulira, akazi akuimba nthungululu pamwamba pathu.